A Makaiko ndi Seva Yawo ya ku Ireland

Mukadutsa pa ofesi yathu nthawi ikamakwana hafu folo, mupeza a Stephano Makaiko atakhala pampando wawo, foni ili patebulo pafupi ndi dzanja lamanja, akudikira. Ndagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, koma zinanditengera nthawi kuti ndizindikire kuti chimene amadikira ndi mawu a mwana wawo. Ndikunena izi mwamanyazi, chifukwa ineyo Esnath ndimadzitama kuti palibe chimandidutsa mu ofesi muno.

Kabungwe kathu n'kakang'ono. Timakonza mijigo m'midzi ya m'chigwa cha Domasi, kuyambira ku Songani mpaka kumtunda kwa mishoni, nthawi zina n'kufika ku Malosa. Tili ndi zipinda ziwiri, njinga zamoto zitatu ndi amakaniko asanu ndi mmodzi oyenda m'midzi. Ine ndimagawa ntchito kwa amakanikowo. A Makaiko ndiwo a makompyuta, ngakhale ali akulu kuposa tonsefe, ndipo imvi ndinawapeza nazo kale.

Anabadwira kufupi ndi mishoni. Ntchito yawo yoyamba inali yotayipa makalata ku Zomba, masiku amene maofesi ambiri a boma anali akadali komweko. Kumeneko ndi kumene anaphunzira lamulo limene sanalisiyepo mpaka lero: ukamaliza kugwiritsa ntchito makina, uwapukute, uwavundikire. Makompyuta atabwera anangowonjezera palamulolo kuti uthimitse, uzule kukhoma. Chaka china mphenzi inawomba kumapiriku n'kuwotcha makompyuta a ofesi yoyandikana ndi yawo, yawo yokha n'kupulumuka chifukwa anali atazula. Nkhani imeneyi ndaimva kokwanira moti ndikhoza kuifotokoza ndili m'tulo, ndipo ndaona kuti chaka chilichonse makompyuta opsawo amawonjezeka. Ndinayamba kuimva ali awiri, pano afika asanu.

Akazi awo, mayi Christobel, anamwalira pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, Takondwa, anali Fomu 2. A Makaiko sanakwatirenso, ngakhale amayi a kutchalitchi anayesetsa kuwalozera uku ndi uku. Mwanayo anamulera okha. Anaphunzira kumanga tsitsi, molakwikalakwika, ndipo sukulu zikamatsegulira ankamukweza panjinga yakapalasa, sutikesi ili pamwendo, kukamusiya pa siteji ya Songani. Takondwa anaphunzira za makompyuta kukoleji, ndipo atamaliza anagwira nafe ntchito chaka chimodzi. Ndiye amene anatiikira pulogalamu yolondolera ntchito. Mjigo ukawonongeka, makaniko amalemba pafoni yake n'kujambula, uthengawo umafika pasikirini yanga ngati ntchito yatsopano, ine ndimaipereka kwa munthu, ndipo ikatha timaitseka. Mauthengawo ankadzera mu seva, kompyuta yakuda imene inkakhala pansi pa tebulo la a Makaiko. Ikakwana hafu folo ankaithimitsa, n'kuizula, n'kuifunditsa chitenje cha Mvano cha malemu akazi awo.

Kenako Takondwa anapeza ntchito ku Ireland. Papita zaka zinayi, ndipo sanabwereko. Chaka choyamba ankaimba Lamulungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi. Chaka chachiwiri ankaimba kamodzi pamwezi. Pambuyo pake kunkangobwera mauthenga, nthawi zina ndi chithunzi ali m'chijasi chachikulu, mphuno itafiira. Sikuti ndi mwana woipa. Ndamumvapo akuyankhula, mawu ake ndi a munthu wotopa, ndipo ine amene mayi anga ali pa Namadzi pomwepa koma ndimatha miyezi itatu osakawaona ndilibe pakamwa pomuweruzira.

Tsiku lina ndinawafunsa a Makaiko chifukwa chimene samuimbira okha, poti foni ali nayo.

“Foni yochokera kumudzi, mayi Esnath, mwana asanayankhe n'komwe amayamba waganiza kuti kwagwanji, kapena akufuna chiyani,” anatero. “Sindifuna kuti mwana wanga aziona dzina langa mtima n'kugunda.”

Ndinawauza kuti kumeneko n'kunyada chabe. Iwo anangoseka n'kupitiriza kupukuta kiyibodi ndi kansalu kawo.

Chaka chatha abwana athu, a Sumaili, anatopa nayo seva ya pansi pa tebulo. Magetsi akathima inkathima nawo, ndipo amakaniko ankadandaula kuti amaweruka m'midzi dzuwa litapendeka, nthawi imene seva yafunda kale chitenje. Anagamula kuti tisamukire pa kilaudi, ndiye kuti tibwereke seva yokhala kunja, m'nyumba za kampani ina, yoyaka usana ndi usiku, ife n'kumaifikira pa intaneti. Takondwa anavomera kuthandiza ali konko. Pulogalamu yolondolera ntchito anaisamutsa yekha, koma anati pulagini yoyang'anira seva aiike ndi bambo ake, chifukwa ndiwo amene azikhala nayo tsiku ndi tsiku. Pulagini ndi kapulogalamu kakang'ono kamene umalumikiza ku pulogalamu yaikulu kuti iphunzire ntchito ina. Imeneyi inali yoti munthu azitha kupanga seva, kuiyatsa, kuithimitsa ndi kuona ngati ili bwino, osachoka m'pulogalamu yathu ija.

Tsiku loika pulaginiyo linali Lachinayi masana. A Makaiko anabwera atavala tayi, ndipo anali atameta. Ndinawafunsa ngati kuli ukwati, iwo n'kundiuza kuti ndisamale zanga. Takondwa ataonekera pa laputopu, bambo ake anangoti maso pa iye, mpaka mwanayo anafunsa ngati netiweki yaduka.

Ntchitoyo inali yoti ikanatha m'mphindi makumi awiri, koma inatenga maola awiri. Takondwa ankanena, iwo ankalemba kaye m'kope lawo lachikuto cholimba, kenako n'kuchita. Anatsegula tsamba la oyang'anira, anafufuza dzina la pulagini, anadina kuti ilowe. Itafunsa kiyi, chingwe chachitali cha zilembo ndi manambala chotsegulira khomo la kampani ya kilaudi ija, Takondwa anati angokopera n'kumata. Iwo anakana. Munthu amene anatayipa makalata a boma zaka khumi ndi zisanu sangamate mawu ngati mwana wa sukulu, choncho anatayipa chilembo chimodzichimodzi ndi zala zonse khumi. Pulagini inakana katatu. Kachinayi anamata, ndipo inalola. Sanayang'ane kumene ndinali.

Kenako panabwera mndandanda wa mayiko oti asankhe kumene seva ikakhale. Takondwa anati asankhe ku Cape Town, poti ndiko kufupi ndipo mauthenga aziyenda msanga. A Makaiko anatsitsa mndandandawo pang'onopang'ono, magalasi ali pamphuno, mpaka anaima pa dzina lina.

“Apa alemba kuti Ireland,” anatero. “Ndi Ireland yako yomweyo?”

“Yomweyo, ababa, koma ndi kutali ndi inu.”

“Ili kufupi ndi iwe. Ikavuta ukhoza kukaiona.”

Takondwa anaseka n'kufotokoza kuti nyumba zimenezo salowamo aliyense, ndipo iye sadziwa n'komwe msewu wake. Koma bambo ake anali atadina kale. Mwanayo anapuma mozama n'kunena kuti palibe vuto, kusiyana kwake n'kochepa. Pasikirini panaoneka mzere umodzi, dzina la seva, kadontho kobiriwira kosonyeza kuti yayaka, ndi mabatani awiri, loyatsira ndi lothimitsira. Pomaliza Takondwa anaika nambala yake pamalo olandirira machenjezo, kuti seva ikathima foni yake ilire. Anatsanzika, nkhope yake n'kuzimiririka, a Makaiko n'kuvula tayi kuiika m'thumba.

Mawa lake itakwana hafu folo anachita zimene achita moyo wawo wonse. Anathimitsa kompyuta yanga, anazula pulinta, kenako anatsegula tsamba la pulagini n'kudina batani lothimitsira. Kadontho kanafiira. Anali akumanga chikwama pakaliyala ya njinga pamene foni inalira. Anali Takondwa, ndipo mawu ake ndinkawamva ndili pakhomo. Anawauza kuti seva imeneyi sathimitsa, kuti mphenzi ya ku Domasi singafike ku Ireland, kuti wayatsanso ndipo asaikhudze. Iwo anavomera zonse, eya mwanawe, ndamva mwanawe. Kenako anamufunsa ngati wadya. Anamuuza kuti mango a kuseri kwa nyumba abereka moti nthambi ina yathyoka, ndiponso kuti a Nickson oyimba besi m'kwaya agonekedwa kuchipatala. Anacheza mphindi khumi ndi zisanu, ndipo tsiku limenelo anakwera chitunda cha kumishoni osatsika panjinga.

Lolemba anathimitsanso. Lachiwiri chimodzimodzi. Ine ndinkati ndi ukalamba, poti chizolowezi cha zaka makumi atatu sichichoka ndi foni imodzi. Ndinawalembera pepala ndi zilembo zikuluzikulu n'kulimata pambali pa sikirini, koma linangokhala chokongoletsa. Takondwa ankaimba, ankakalipa pang'ono, n'kuyatsa, kenako ankamva za mango, za mbuzi ya oyandikana nawo imene yadya mbewu ya tomato, za denga limene layamba kudontha pamwamba penipeni pa bedi lake lakale. Ndinkamva a Makaiko akuseka, kuseka kumene sindinkakudziwa, koma sindinaganizepo kanthu. Zinayenda chomwecho milungu isanu.

Masiku ena Takondwa ankakhala pamsonkhano, osaona chenjezo, ndipo seva inkagona mpaka m'mawa pamene bambo ake ankaiyatsa. Lachisanu lina zinachitika choncho, ndipo Loweruka ndi Lamulungu sitigwira ntchito. Madzulo a Lachisanulo Zakaria, makaniko wathu wa mbali ya ku Malosa, anatumiza uthenga woti mjigo wa m'mudzi wina waduka ndodo yachitsulo yokokera madzi. Uthengawo unagogoda pakhomo lotseka. Zakaria ankati ndaulandira, ine sindinkadziwa kanthu. Tinamva Lachitatu, mayi wina wa komiti ya mjigo atabwera wapansi kudzafunsa chimene anatilakwira. Masiku asanu anthu ankatunga kumtsinje, ndipo ana awiri anatsegula m'mimba. Anachira, koma ine ndinapsa mtima kwambiri.

Ndinawayankhula a Makaiko mawu amene sindifuna kuwabwereza pano. Iwo sanadziteteze. Anavula magalasi n'kunena kuti alakwa, ndipo tsiku lomwelo anapita ndi Zakaria kukapepesa kwa anthu a m'mudzimo. Koma ine sindinakhutire. Ndinamulembera Takondwa kuti achitepo kanthu zisanafike poipa. Anachita mofulumira, monga mwa anthu a ntchito yake. Analowa m'pulagini, pamalo ogawira mphamvu, n'kuwachotsera bambo ake ufulu wothimitsa. M'mawa a Makaiko atatsegula tsamba lija anapeza kadontho kobiriwira kokha, mabatani onse awiri atachita imvi, osadinika.

Seva inayamba kuyenda bwino zedi. Mauthenga ankafika nthawi iliyonse, amakaniko anasiya kudandaula, a Sumaili anandiyamikira pamsonkhano. Ndipo foni ya a Makaiko inasiya kulira.

Ikakwana hafu folo ankathimitsa kompyuta yanga, kuzula pulinta, kukonza chitenje paseva yakale ija imene inali isakugwiranso ntchito, kenako n'kukhala pansi. Foni ankaiika patebulo. Ankakhala mphindi khumi, nthawi zina makumi awiri, n'kudzuka. Mlungu wachiwiri ndinawaona akukankha njinga pamalo opanda chitunda n'komwe. Mlungu wachitatu kope lawo lija linatsala lotsegula patebulo iwo atapita kukatunga madzi akumwa, ndipo ine, monga mwa khalidwe langa, ndinasuzumira. Patsamba la tsiku loika pulagini analemba ndi dzanja lawo lokongola lija, ndipo anadula mzere kunsi kwake: “Seva iyi sithimitsidwa. Ikathima, foni ya Takondwa imalira.” Kuseri kwa tsambalo kunali mndandanda wa masiku, ndipo patsiku lililonse panali timawu tiwiri kapena titatu: mango, a Nickson, denga, manda a mayi ake alambulidwa. Zinali nkhani zimene ankakonzekera kumuuza. Masiku a milungu itatu yomalizayo analinso ndi nkhani zake, koma panalibe chochonga.

Apa ndi pamene ndinazindikira. Munthuyu sanaiwale ngakhale tsiku limodzi. Ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita, ndipo ine ndi nzeru zanga zomata mapepala ndinali nditatseka kanjira kokhako kamene anapeza kofikira kwa mwana wake popanda kuoneka wopempha. Walira mvula walira matope. Ndinafuna seva yosathima, ndipo ndinaipeza, koma tsopano ndinkakhala moyang'anizana ndi nkhalamba yodikira foni yosalira, ndipo zinkandipweteka.

Sindikanawabwezera batanilo, chifukwa ana a m'mudzi muja anali m'maganizo mwanga. Chimene ndinachita ndi kujambula masamba awiriwo n'kumutumizira Takondwa. Ndinangolembapo kuti awerenge yekha, ine ndilibe chowonjezera. Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho silinabwere tsiku limenelo kapena mawa lake, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndalowerera za eni.

Lolemba m'mawa a Makaiko anandiitana kuti ndidzaone chachilendo. Patsamba la pulagini panali mizere iwiri. Woyamba unali wa seva yathu, mabatani ake osadinika monga kale. Wachiwiri unali wa seva yatsopano, yaing'ono kuposa zonse zimene kampani ija imabwereketsa, yokhalanso ku Ireland. Dzina lake linali Ababa. Kadontho kake kanali kobiriwira, ndipo batani lothimitsira linali lowala, lodinika. Kunsi kwake Takondwa anasiya mawu ochepa akuti iyi ndi yawo, azithimitsa akaweruka, iye aziyatsa.

Anawerenga kawiri. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anayang'ana kope lawo, n'kundiyang'ananso. Ndinayamba kufufuza fayilo imene sindinkaifuna m'kabati. Sanandifunse kanthu, ndipo mpaka lero sitinakambepo za kopelo, kungoti tsopano amalitsekera m'dirowa.

Tsiku limenelo itakwana hafu folo anadina, kadontho n'kufiira, ndipo foni inalira asanachotse n'komwe chala. Ndinatuluka panja kuti acheze momasuka. Nkhani za milungu itatu zinatenga pafupifupi ola lathunthu.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo amaimba tsiku lililonse, koma ndinganame. Mwezi woyamba ankaimba kawirikawiri. Pano amaimba kawiri pamlungu, mwina kamodzi, poti ntchito yake sinachepe. Masiku enawo saimba, amangoyatsa sevayo ali konko, ndipo kadontho kamasintha kuchoka pofiira kubwerera pobiriwira. A Makaiko amakhala akuyang'ana sikirini mpaka kasinthe. Kakasintha amagwedeza mutu n'kunena kuti waona, kenako amathimitsa kompyuta, amazula, amafunditsa. Chitenje cha mayi Christobel chinachoka paseva yakale, tsopano chimafunda sikirini imeneyi.

Mlendo wina wodziwa za makompyuta atabwera kudzayendera ntchito yathu anafunsa kuti seva yachiwiriyo ndi yantchito yanji, poti ikuoneka kuti mulibe kanthu. Ine ndinayamba kusakasaka bodza loti ndinene, koma a Makaiko anandiyambirira.

“Ndikudziwa kuti mulibe kanthu,” anatero. “Ndi ya ine ndi mwana wanga.”

Takondwa akuti mwina abwera chaka chamawa mapepala ake akalongosoka. Ananenanso chomwecho chaka chatha. A Makaiko anakonzetsa kale denga la pamwamba pa bedi lake, ndipo nthambi ya mango yothyoka ija inaphukiranso. Maso awo ayamba kuvuta, moti a Sumaili akhala akunena monong'ona za kupuma pantchito. Nkhaniyo ikayamba ine ndimaisokoneza ndi za ndodo za mijigo, chifukwa kunyumba kwawo kulibe kompyuta, ndipo sindidziwa kumene angakadinire batanilo.

Dzulo ndinaweruka mochedwerapo, cha m'ma faifi koloko. Anali atadina kale, ndipo kadontho kanali kakadali kofiira. Dzuwa linali litatsamira paphiri, ana a sukulu atatha kale mumsewu. Ndinawauza kuti mwina mwanayo ali pamsonkhano, tiyeni tizipita, akaona mawa. Anati nditsogole, iwo adikireko pang'ono, chifukwa a Nickson atuluka m'chipatala ndipo ayambanso kuyimba, ndiye Takondwa angakonde kumva. Ndinawasiyira makiyi patebulo pafupi ndi foni. Nditafika pamsewu ndinacheuka, ndipo njinga yawo inali ikadali yotsamira pakhoma.